Disiki yatuluka m'malo: ndilole opaleshoni ya msana kapena ndidikire?

Funso: Ndine bambo wa zaka 43. Masabata 7 apitawo ndinawerama kuti ndinyamule katundu, chiuno n'kundigwira pomwepo. Patatha masiku atatu ululu unatsikira m'thako lakumanzere, n'kudutsa m'ntchafu ndi chakunja kwa katumba mpaka pachala chachikulu. Kukhala pampando sindikutha, ndipo kuyetsemula ndimachita kuopa. Pamwamba pa phazi pali dzanzi. Anandijambula ndi makina oona mkati mwa thupi otchedwa MRI, pepala likuti disiki (kakhushoni ka pakati pa mafupa a msana) ya pa L4-L5, m'chiunomu, yatuluka ndipo ikupanikiza mtsempha. Dokotala wina akuti ndichitidwe opaleshoni, wina akuti ndidikire. Abale anga akuti ndikangolola kung'ambidwa msana sindidzayendanso. Ndimvere ndani?

Yankho: Bambo, pepani ndi ululuwo. Munthu amene sanaumvepo amaganiza kuti mukukokomeza, chifukwa palibe bala, magazi sakutuluka, mwendo sunatupe. Koma ine ndaonapo amuna amphamvu zawo akulowa m'chipinda choyezera atapendekeka ngati mtengo wogwedezeka mizu, ndikawalozera mpando n'kukana, ati bola kuimirira. Ndiye chimene mukunenachi ndikuchidziwa.

Madokotala anu awiriwo sakutsutsana mmene mukuganiziramo. Pa matenda amenewa, pa sabata ya 7 pamene mwafikapa, njira zonse ziwiri n'zovomerezeka, ndipo kawirikawiri zimakathera kumodzi. Chimene chimasankhitsa njira si pepala la MRI. Ndi thupi lanulo: phazi lili ndi mphamvu zotani, ululu ukuchepa kapena ukukula, komanso ngati mukukodza bwinobwino. Zitatu zonsezi simunandiuze, ndipo ine sindinakugwireni ndi manja, choncho ndikuuzani mmene mungazionere nokha ndi tanthauzo la chilichonse.

Ndiyambe ndi chimene sichidikira ngakhale kuti kuche. Ngati mkodzo wayamba kuvuta kutuluka, kapena simukumva kuti chikhodzodzo chadzaza, kapena mkodzo ukungodontha osadziwa. Ngati pakati pa miyendo, kumaliseche ndi kothako kwachita dzanzi moti mukamadzipukuta kuchimbudzi simukumva pepala likukhudza. Ngati chimbudzi chikutuluka chokha. Kapena ngati ululu ndi kufooka zalowa miyendo yonse iwiri, siyani kuwerenga, pitani kuchipatala tsopano lino, kaya ndi usiku. Zimenezi zimasonyeza kuti chidutswa cha disiki chatseka njira yonse n'kufinya mtolo wa mitsempha yopita kuchikhodzodzo, kumatumbo ndi kumaliseche. Madokotala amati cauda equina syndrome. Apa timawerenga maola, osati masabata, ndipo timafuna kuti mitsemphayo imasulidwe mkati mwa tsiku limodzi kapena awiri. Odwala ambiri amachedwa chifukwa cha manyazi. Mwendo amaufotokoza momasuka, koma za dzanzi la kumaliseche amabisa mpaka utachita kuwafunsa kawiri. Mwambi uja wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha uli ndi malo ake m'nkhani yathuyi, koma malo ake si amenewa. Mwamwayi vutoli limagwera anthu ochepa kwambiri mwa amene disiki yawatuluka.

Chachiwiri ndi mphamvu ya phazi. Vulani nsapato, gwirani khoma, muyende ndi zidendene zokhazokha zala zitaloza kumwamba, masitepe 10. Mukatero yendani monyang'ama, ndi zala zokha. Kenako khalani pansi, munthu wina akanikize chala chanu chachikulu chakuphazi inu mukuchikokera kumwamba, ayerekeze ndi phazi linalo. Disiki ya pa L4-L5 imakonda kugwira mtsempha wotchedwa L5, ndipo ntchito ya mtsempha umenewu ndi kudzutsa phazi ndi chala chachikulu. N'chifukwa chake dzanzi lanu lili pamwamba pa phazi, osati kuchidendene kapena kukachala kakang'ono. Kumeneko ndi kwa mtsempha wina, S1, umene umatiimika ndi zala. Mtsempha wa L5 ukafooka, munthu amaona patapata akuvuka yekha poyenda, chala chikupunthwa pamalo osalala, phazi likumenya pansi kuti phwa, phwa. Ngati phazi lanu lafika pamenepo, kapena sabata ino n'lofooka kuposa sabata yatha, dokotala amene akuti opaleshoni ndiye womumvera, ndipo musachedwe naye. Ngati mphamvu zilipo, changovuta ndi ululu ndi dzanzi, nthawi yoganiza muli nayo.

Tsopano za mantha a abale anu, amene sindikuwaseka ayi. Msana si fupa limodzi. Ndi timafupa tosanjikizana: 7 m'khosi, 12 kuseri kwa chifuwa, 5 m'chiuno, ndipo pansi pake pali fupa lotambalala limene limalumikiza msana ndi mafupa a chiuno. Tam'chiunoto timawerengedwa kuyambira L1 pamwamba kutsika mpaka L5 pansi. Pakati pa fupa ndi linzake pali disiki, kakhushoni kamene kamateteza kuti mafupa asakhulane. Kuseri kwa madisikiwo kuli ngalande yochokera kumutu, ndipo mmenemo mumadutsa mtsempha waukulu wochokera kuubongo. Ndikamati mtsempha sindikunena wa magazi. Ndikunena uwu wonyamula mauthenga a kumva ndi kuyendetsa ziwalo. Mtsempha waukuluwo ukavulala, munthu amafadi ziwalo. Koma mwa munthu wamkulu umathera pa L1 kapena L2, chakumene nthiti zomaliza zathera. Kutsika pamenepo mumangokhala timitsempha tokhatokha tolendewera m'madzi ngati ubweya wa kumchira kwa kavalo, ndipo dzina lija la cauda equina m'Chilatini limatanthauza mchira wa kavalo. Pa L4-L5, pamzere wa lamba wa buluku, dokotala amagwira ntchito patali ndithu ndi mtsempha waukuluwo. Timitsempha ta pamenepo timalola kusunthidwa pang'ono mosamala.

Sindikunena kuti ngozi palibiretu. Mtsempha umodzi ungathe kuvulala, phazi n'kufooka, ndipo zimachitika mwa apo ndi apo. Koma kufa miyendo yonse chifukwa cha opaleshoni ya disiki ya m'chiuno n'chinthu chosowa kwambiri. Nkhani zimene abale amamva nthawi zambiri zimakhala za anthu ena: amene anathyoka msana pangozi, amene fupa linadyeka ndi TB kapena khansa, amene vuto lawo linali m'khosi kapena kuseri kwa chifuwa kumene mtsempha waukulu uli. Anthu amakumbukira kuti uje anatuluka kufiyeta osayenda. Amaiwala kuti polowa anachita kumunyamula.

Mawu akuti disiki yatuluka amasokonezanso. Ena amaganiza kuti ndi kafupa kamene kaguluka ndipo munthu wamphamvu angakabwezeretse pokanikiza kapena kupotokola msana. Si choncho. Disiki ndi yomatirira kumafupa ake, siisuntha. Kunja kwake kuli chikopa cholimba cha ulusi wolukanalukana ngati tayala, mkati mwake muli zofewa zokhala ndi madzi ambiri. Munthu akamakula madziwo amachepa, chikopacho chimachita ming'alu, ndipo tsiku lina powerama, zamkatizo zimafinyikira kunja kudzera pamng'alu monga amatulukira mankhwala otsukira mano m'chubu. Katundu munanyamulayo anangomalizitsa ntchito imene inayamba zaka zambiri zapitazo. Ndipo chimene chatuluka m'chubu sichibwereramo, ngakhale wina akuponderezeni pamsana motani.

Ululunso si wa kupanikizika kokha. Zamkati mwa disiki zikakhudza mtsempha zimauwaula, umatupa n'kufiira, ndipo mtsempha wotupa umalira ngakhale utangokhudzidwa pang'ono. Mukayetsemula kapena kutsokomola, mphamvu ya m'mimba imakankha m'ngalandemo, n'chifukwa chake mumamva ngati mwagwidwa ndi magetsi mpaka kuchala. Koma kutupa komweko ndiye chiyambi cha kuchira. Thupi limaona chidutswacho ngati chinthu chachilendo, limatumiza maselo ake oteteza, ndipo amayamba kuchidya pang'onopang'ono. Chodabwitsa n'chakuti zidutswa zikuluzikulu zimene zadukiratu, zija zimaoneka zoopsa pa MRI, ndi zimene zimasungunuka msanga kuposa kakutupa kakang'ono kamene kakadali m'chikopa chake. Ndaonapo chithunzi choti ukachiona umafuna kukonza fiyeta tsiku lomwelo, mwini wake n'kukana opaleshoni, atabweranso patatha miyezi ingapo chidutswa chija palibe, iye akuyenda mowongoka.

Apa ndiye pamene ndimakangana ndi mapepala a MRI. Mu 1994 magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine inafalitsa kafukufuku wa ku America amene anajambula anthu 98 opanda vuto lililonse la msana. Anthu 36 okha pa 100 alionse ndi amene madisiki awo onse anali abwinobwino. Oposa theka anali ndi disiki yotupa penapake, ndipo oposa mmodzi mwa anayi alionse anali ndi disiki yotulukirako ndithu, koma onsewo osamva kanthu. Tanthauzo lake n'lakuti pepala lanu likatchula zinthu zisanu, mwina zinayi ndi imvi chabe za mkati mwa thupi. Dokotala wabwino amayamba wamvetsera wodwala, n'kumuyeza, kenako n'kuona ngati chithunzi chikugwirizana ndi mwendo. Kwa inu zikuoneka kuti zikugwirizana: mbali yakumanzere, njira ya ululu, malo a dzanzi, zonse zikuloza mtsempha wa L5. Zimenezi n'zolimbikitsa, chifukwa opaleshoni imayenda bwino kwambiri pamene chithunzi ndi thupi zikulankhula chimodzi.

Nanga kudikira ndi kuchitidwa opaleshoni zimasiyana bwanji pamapeto pake? Funsoli linafufuzidwa kangapo. Ku Norway, dokotala Henrik Weber anatsatira odwala kwa zaka 10 n'kufalitsa zotsatira mu 1983: patatha chaka chimodzi ochitidwa opaleshoni anali bwino kuposa anzawo, koma pofika zaka 4 kusiyanako kunali kutachepa kwambiri. Kafukufuku amene amafanana kwambiri ndi nkhani yanu ndi wa ku Netherlands, wotsogoleredwa ndi Wilco Peul wa ku Leiden, wa mu 2007. Anatenga odwala 283 amene anali atavutika ndi ululu wa mwendo kwa masabata 6 mpaka 12, monga inuyo. Theka anawachita opaleshoni msanga, theka linalo anawauza kudikira, ndi mwayi wodzachitidwa opaleshoni ululu ukakana. Ochitidwa opaleshoni msanga anapeza mpumulo mofulumira kwambiri. Koma chaka chitatha, m'magulu onse awiri anthu pafupifupi 95 pa 100 alionse anali atachira. M'gulu lodikira lija, 39 pa 100 alionse anatopa panjira n'kupempha opaleshoni. Ambiri mwa otsalawo anachira popanda mpeni.

Ndiye chimene opaleshoni imakugulirani ndi nthawi. Siikupatsani msana watsopano, ndipo kudikira masabata angapo, phazi lili ndi mphamvu, sikuti mukuwononga mtsempha. Funso limasanduka lakuti miyezi iwiri kapena itatu ya ululu umenewu mungaipirire kapena ayi, ndipo limeneli dokotala sangakuyankhireni. Munthu amene ululu ukumulola kugona ndi kugwirako ntchito amasankha mosiyana ndi amene wakhala masabata 7 osapeza tulo, ntchito itaima, ana akumuyang'ana. Onsewo sanalakwe.

Koma kudikira kuli ndi malire. Mu 2020 kafukufuku wa ku Canada anaona odwala 128 amene ululu wa mwendo unawakanirira kwa miyezi 4 mpaka 12. Kwa amenewa, opaleshoni inathandiza moonekeratu kuposa kupitiriza mankhwala ndi mafizo. Zimenezi zikugwirizana ndi zimene timaona: amene thupi lidzawachiritsa lokha, ambiri amayamba kuona kusintha m'miyezi itatu yoyambirira. Ukapitirira pamenepo osasintha, mwayi wochira wekha umachepa, ndipo mtsempha umene wafinyidwa kwa chaka chathunthu nthawi zina umapitiriza kuwawa ngakhale utamasulidwa.

Mukasankha kudikira, musadikire chigonere. Kale tinkagoneka odwala pabedi masabata angapo, koma zinaoneka kuti sizithandiza. Minofu imangofooka, msana n'kuuma. Tsiku limodzi kapena awiri ululu ukafika poipa, gonani. Kupitirira apo yendani, pang'onopang'ono koma kangapo patsiku. Pewani kukhala nthawi yaitali, makamaka pampando wofewa wakuya kapena m'galimoto, chifukwa disiki imalemedwa kwambiri munthu akakhala chowerama kuposa akaimirira. Pogona, ambiri amapeza mpumulo akagona chammbali ataika pilo pakati pa mawondo, kapena chagada pilo ali kunsi kwa mawondo. Wa mafizo wodziwa ntchito yake angakuthandizeni kupeza kayendedwe kamene kamabweza ululu kuchoka kuphazi kukwera kuchiuno. Chizindikiro chimenechi muchisunge: ululu ukamachoka kuchala n'kumathera pabondo, kenako m'thako, ndiye kuti mukuchira, ngakhale chiunocho chitawawa kuposa kale.

Za mankhwala ndinene mwachidule. Ibuprofen ndi diclofenac amachepetsako ululu kwa ena, koma si omwa miyezi. Amayambitsa zilonda za m'mimba, amavulaza impso, amakweza kuthamanga kwa magazi, ndipo musamwe awiriwa pamodzi. Pregabalin amalembedwa kwambiri pa vutoli, koma kafukufuku wa ku Australia wa mu 2017, wa odwala 209, anapeza kuti sanachepetse ululu wa mwendo kuposa mapiritsi opanda mankhwala, kungoti anawonjezera chizungulire. Ngati mukumwa ndipo simukuona phindu, kambiranani ndi dokotala za kusiya pang'onopang'ono, osati mwadzidzidzi. Tramadol ndi anzake ndi a masiku ochepa okha, chifukwa thupi silichedwa kuwazolowera. Palinso jakisoni wa mankhwala ochotsa kutupa amene amabayidwa pafupi ndi mtsempha weniweniwo motsogoleredwa ndi X-ray. Sachotsa chidutswa, koma kwa ena amapereka masabata angapo a mpumulo, ndipo nthawi zina masabata amenewo amakwanira kuti thupi limalize ntchito yake.

Tsopano ndikulowetseni kufiyeta kuti muone chimene chimachitika, popeza mantha ambiri amachokera m'mawu akuti kung'amba msana. Dzina la opaleshoniyi ndi microdiscectomy. Amakugonekani tulo ndi mankhwala, n'kukutembenuzani chafufumimba. Asanacheke, dokotala amajambula ndi X-ray kuti atsimikize kuti ali pa L4-L5 penipeni, chifukwa mafupa a m'chiuno amafanana ndipo kuphonya mlingo ndi cholakwa chimene tonse timachiopa. Bala lake limakhala la masentimita awiri kapena atatu. Minofu siidulidwa, imangokankhidwira pambali. Kenako amatsegula kawindo kakang'ono, pochotsa kachidutswa ka fupa lakuseri ndi kachikopa kachikasu kamene kamaphimba ngalande. Pansi pa maikulosikopu mtsempha umaoneka bwinobwino: m'malo mokhala woyera ndi wofewa, umakhala wofiira, wokungika ngati chingwe chokokedwa pamwamba pa mwala. Amausunthira pambali ndi kachitsulo kosathwa, ndipo kunsi kwake ndi kumene kumakhala chidutswa chija. Nthawi zina chimatuluka chathunthu kamodzi n'kamodzi, choyera, chonyololoka ngati thonje lonyowa, kukula kwake osaposa nsonga ya chala. Chikangochoka, mtsempha umagwa pansi n'kumasuka uku ukuona. Nthawi zonse ndimadabwa kuti kanthu kochepa chotero n'kamene kanagwetsa munthu wamkulu miyezi iwiri.

Disiki yonse siichotsedwa. Amachotsa chotulukacho ndi tizidutswa tina tolekana tomwe tili pafupi ndi mng'alu. Ntchito yonse imatenga ngati ola limodzi. Odwala ambiri amadzuka n'kuyamba kupapasa mwendo, kufunafuna ululu uja osaupeza, ndipo amayenda tsiku lomwelo kapena mawa lake.

Opaleshoniyi si yachilendo. Mu 1934 madokotala awiri a ku Boston, William Mixter ndi Joseph Barr, ndi amene anasonyeza momveka kuti tizidutswa timeneti, timene ambiri ankatiyesa zotupa, ndi disiki yong'ambika, ndipo kuti kutichotsa kumathetsa ululu wa mwendo. Mu 1977 Gazi Yaşargil ku Switzerland ndi Wolfhard Caspar ku Germany anafotokoza kachitidwe kake ndi maikulosikopu. Masiku ano ena amagwiritsa ntchito kachubu kokhala ndi kamera, bala n'kuchepa kuposa pamenepo. Musatengeke kwambiri ndi dzina la chipangizo. Chofunika n'chakuti dokotalayo njira imene akugwiritsa ntchito aizolowere.

Zovuta zake muzidziwe musanasaine. Pa anthu 10 alionse osankhidwa bwino, 8 kapena 9 ululu wa mwendo umawathera kapena kuchepa kwambiri. Mmodzi kapena awiri sakhutira. Kachikopa kosunga madzi a mitsempha kangathe kubooka, kwa anthu ochepa pa 100 alionse; amakasoka kapena kukamata, wodwala n'kugona chagada tsiku limodzi kapena awiri, mwina ndi litsipa. Bala lingathe kulowa tizilombo, makamaka kwa odwala shuga amene shuga wawo sali m'malo. Vuto limene ndimalitchula kwambiri ndi kubwereranso: mng'alu uja sutsekeka msanga, ndipo kwa munthu mmodzi mwa 10 kapena 20 alionse chidutswa china chimadzatulukira pomwepo, kawirikawiri m'miyezi yoyambirira. Osuta fodya zimawachitikira kwambiri, chifukwa disiki ilibe mitsempha ya magazi yakeyake, imadya kudzera m'mafupa oyandikana nayo, ndipo fodya amatseka ngakhale kanjira kochepako. Ngati mumasuta, siyani, kaya musankha opaleshoni kaya ayi.

Pali zinthu ziwiri zimene opaleshoniyi siilonjeza, ndipo odwala amene sanauzidwe amabwera okhumudwa. Choyamba ndi kuwawa kwa chiuno. Iyi ndi opaleshoni ya mwendo yochitikira pamsana. Imamasula mtsempha, koma disiki yokalambayo imatsala momwemo. Munthu amene ululu wake waukulu uli m'chiuno, mwendo ukungowawa pang'ono, ndimamuuza kuti mpeni wanga sumuthandiza kwenikweni. Chachiwiri ndi dzanzi. Ululu umachoka msanga, mphamvu zimabwerera pakapita masabata kapena miyezi, koma dzanzi ndiye lomaliza kutsanzika, ndipo kwa ena kachigamba kakang'ono pamwamba pa phazi kamatsala mpaka kalekale.

Wina akakuuzani zoika zitsulo ndi zomangira kuti mafupa awiriwo agwirane, funsani chifukwa chake ndipo musachite manyazi kukafunsanso kwa dokotala wina. Zitsulo zili ndi ntchito yake, monga pamene fupa lina likutsetsereka pa linzake, pamene msana wathyoka, kapena disiki yomweyo yatuluka kangapo. Koma pa disiki imodzi yotuluka koyamba, msana uli wokhazikika, sizifunika. Ndi opaleshoni yaikulu, kuchira kwake n'kochedwa, ndipo mlingo umodzi ukaumitsidwa, madisiki oyandikana nawo ndi amene amasenza katunduyo.

Chinthu chimodzi chapambali, chifukwa owerenga ena ali ndi ululu wofanana koma sanajambulidwe. Si ululu uliwonse wa msana wotsikira kumwendo umene ndi disiki. Ululu umene sumvera kugona, umene umakula usiku, wobwera ndi kutentha thupi, thukuta la usiku kapena kuonda, makamaka kwa munthu amene chitetezo cha m'thupi n'chochepa kapena anadwalapo khansa, umafuna kufufuzidwa msanga. TB ya msana imadya fupa mwakachetechete mpaka linunda kutuluka, ndipo ikapezeka msanga, ambiri amachira ndi mankhwala okha. Kwa inu bambo, MRI ikadaonetsa zoterezi, choncho pamenepa mtima ukhale m'malo.

Mukanakhala mchimwene wanga ndikanakuuzani chonchi. Ngati mukukodza bwino, mukutha kuyenda ndi zidendene, ndipo mukayerekeza ndi masabata awiri apitawo pali kusintha ngakhale kochepa, dikirani. Dzipatseni mpaka sabata ya 12, mukuyenda, mukuchita mafizo, ndipo pemphani tsiku loonananso ndi dokotala wa opaleshoni uja lilembedweretu, kuti musadzayambirenso pamzere. Ngati palibe chimene chasintha, usiku simukugona, ntchito yaima, ndipo inuyo mwatopa, kulola opaleshoni panopa si kupupuluma. Mwadikira kale nthawi yokwanira, ndipo zizindikiro zanu ndi zamtundu umene umamva opaleshoni. Mukatero yembekezerani kubwerera kuntchito yopepuka pakatha masabata awiri mpaka anayi, koma yonyamula katundu pakatha masabata 6 mpaka 12, ndipo ponyamulapo muzipinda mawondo, katundu ali pafupi ndi thupi, osapotokola chiuno.

Popita kukaonana ndi dokotala, tengani zithunzi zenizenizo, osati pepala la lipoti lokha, ndipo mupempheni akulozereni ndi chala chidutswacho ndi mtsempha umene chagwira. Mufunseni kuti achotsa chiyani, asiya chiyani, ndiponso opaleshoni yotereyi amaichita kangati. Tenganinso mmodzi wa abale amene akuopa aja, adzimvere yekha ndi kufunsa mafunso ake, chifukwa ndi amene adzakusamalireni mukatuluka.

Pakadali pano pezani kakope. Sabata iliyonse, tsiku lomwelomwelo m'mawa, lembani zinthu zitatu: ululu ukuthera pati lero, kuchala, pakatumba kapena m'thako, mwagona maola angati osadzidzimuka, ndiponso masitepe angati mwayenda ndi zidendene phazi lakumanzere lisanagwe. Munthu amene ali pa ululu sakumbukira bwino mmene analili sabata yatha, ndipo mizere itatu imeneyi imamuuza dokotala zambiri kuposa MRI yachiwiri. Nambala ya masitepeyo ikayamba kutsika, kapena chala chachikulu chikakana kudzuka, musadikire tsiku limene anakulemberani. Pitani sabata yomweyo.